Thukuta la Khoma

Mayi a Kambalame anakhwecha machesi asanu, onse mitu kungonyenyeka osayaka. Anagwira botolo la mchere, mchere nawo wagwirana ngati dothi. Pazenera madzi ankatsetsereka mkati mwa galasi, chonsecho mvula inaleka dzana.

"Bambo a Kambalame, nyumba ino ikutuluka thukuta."

Amuna awo, mmisiri wopaka penti, anali pakhonde akutsuka mabulashi. Munthu wabwino ndithu, koma pa nkhani ya makoma, ee, sauzidwa! Zaka makumi awiri ali pamakwerero, ndiye wina awauze chiyani?

"Timadontho chabe timeneto. Loweruka ndipakanso."

Kupakanso! Chipinda cha mwana anali atachipaka katatu chaka chomwecho. Chuku chikangosuzumira pakona, iwo bulashi m'manja, penti wake wapinki amene mwana anasankha yekha. Pakatha milungu itatu khoma linkatupa matuza, madontho akuda n'kubwerera ndi abale awo.

Mwanayo anali wazaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankamutcha Kambalame chifukwa ankaimba kuyambira podzuka. Tsopano nyimbo zinali zitatha, m'chifuwa mumangolira likhweru. Kuchipatala, anamwino atamupima anafunsa ngati kumene amagona n'kouma, ngati zovala sizinunkha chuku. Mayiwo anachita manyazi, poti kadiresi kamene mwana anavala kankanunkha, chichapireni dzulo lake.

"Mankhwala ndikupatsani," anatero anamwino, "koma mukakamubwezera m'chinyontho mubweranso. Ndipo tsiku lina mudzafika mochedwa."

Mawu amenewo anawabaya mtima, anachita mantha enieni. Koma kuwafotokozera bambo kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Mmisiri amamva ndi maso, ndiye mayiwo anatsimikiza zowaonetsa.

Kusitolo ya nsalu kumene ankasesa, m'chipinda cha katundu munali makina oyamwa chinyontho, olekeza m'bondo, okhala ndi kandowa kunsi. Amene ankataya madzi a m'kandowako m'mawa uliwonse anali iwo omwe. Lachitatu anapempha kubwereka, abwana anakana. Lachinayi anakananso. Lachisanu mayiwo anaima pakhomo la ofesi, tsache m'manja, osasuntha.

"Nanga nsalu zanga zikachita chuku?" anafunsa abwana.

"Nsalu sizitsokomola, bwana."

Abwana analoza makina aja. "Lolemba ndiwapeze pano."

Mayiwo anawasenza pamutu mpaka kunyumba, khosi likuwawa, anthu m'njira akufunsa ngati agula firiji ya mwana. Anawalumikiza kumagetsi m'chipinda cha Kambalame, n'kutseka zenera ndi chitseko. Mwanayo anamuyalira pabalaza.

Loweruka m'mawa bambo anatulukira ndi chitini cha penti, akuimba mluzu. Anapeza akazi awo atatsekereza khomo.

"Lero simupaka."

"Aa! Mwalowa liti umisiri, mayi?"

Mayiwo anasolola kandowa kaja, kodzaza mpaka m'milomo, n'kukhuthulira m'chitini chakale chimene bambo ankatsukiramo mabulashi. Madzi oyera mbee.

"Awa ndi amene mwana wanu amapuma. Kandowa aka n'kachiwiri, koyamba ndathirira maluwa."

"Mwathiramo nokha," anatero bambo, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

"Gwirani uko," anatero mayi, akuloza bedi la mwana.

Anakoka bedi awiriwiri. Mayi anatembenuza matiresi: kunsi kwake kunali bii, konyowa, fungo lake lotseka mphuno. Bambo anagwada pakhoma, n'kukanikiza tuza limodzi ndi chikhadabo. Penti anasendeka ngati khoko la nthochi, yense amene anapaka katatu kaja, ndipo pansi pake chuku chinali chitayala kuchokera pansi mpaka pamene mwana ankatsamiritsa mutu. Anaika chikhatho pamenepo. Chinabwerako chonyowa.

Pabalaza Kambalame anayamba kutsokomola, chifuwa chachitali chija chosafuna kutha. Bambo anamvetsera mpaka mapeto, akadali chogwada.

"Ine ndimayesa ndikumukongoletsera," anatero chapansipansi.

Mayiwo mkwiyo unawathera pomwepo, anawamvera chisoni. "Nanenso ndimayanika zochapa m'kanjira umu mvula ikamagwa. Chingwe chija ndachimasula kale. Koma makinawa Lolemba akubwerera, tifunika athu."

"Tiwapeza. Ngakhale ndipake tauni yonse."

Anatenga hamala, n'kukhomerera chivindikiro pachitini cha penti watsopano uja. Kenaka anatsegula zenera, anamanga kansalu kumphuno, n'kutulutsa chopalira m'thumba la ovolosi. Pinki anayamba kugwa pansi zibenthuzibenthu.

Kambalame anasuzumira pakhomo, atagwira chitenje cha amayi ake.

"Ababa, mukuchotseranji pinki wanga?"

Chopalira chinaima. Bambo sanacheuke msanga, anayamba apukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi.

"Ndidzakupakira wina khomali likauma, mwanawe. Koma tsiku limenelo ndikufuna uzidzandiimbira ndili pamakwerero."