Mbawala ya pa Mkuwa

1.
Mbawala.

2.
Walburga akanakonda ikanakhala mkazi. Mkazi umamudikirira pamsika wa ku Augsburg n'kumusambwadza anthu akuona. Nanga nyama ungaisambwadze bwanji? Koma mwamuna wake Kilian, katswiri wojambula nyama, kukangocha ndiye ulendo wa kunkhalango ya kalonga. Kukaiyang'ana.

3.
Zimene Kilian amadziwa za mbawalayo: ziboda, mtsempha wa pakhosi, chipsera cha kukhutu, kaimidwe kake mphepo ikatembenuka.
Zimene amadziwa za mkazi wake: kuti alipo.

4.
Mwaiona diresi yatsopanoyi, bambo?
Eee, yakukhalani.
Ndi yamtundu wanji?


5.
Ntchito yawo imayenda chonchi: Kilian amapaka phula pa mkuwa wophwatalala n'kumakanda chithunzi ndi singano, mphuno itatsala pang'ono kugunda mkuwawo, kaubweya kamodzikamodzi, nyengo yonse yachisanu, kenako Walburga amauviika mu asidi kuti adye mizere ija uku akuchotsa thovu pogwiritsa ntchito nthenga, ndipo ukauvuula msanga inki siigwira, ukachedwa chithunzi chapsa, ndiye wovuulayo ndi iyeyo, Walburga, amene sanajambulidwepo ngakhale chala.

6.
Kukaiyang'ana. Ngakhale Lamulungu, potuluka m'tchalitchi.

7.
Tsiku loviika linafika. Mbawala inagona mu asidimo maso ali mwaa, yokongola mochititsa manyazi. Nsanje inamugwira Walburga. Nthawi yovuula itakwana, anaika nthenga pansi n'kupita kukasenda anyezi. Anasenda mosafulumira.

8.
Pepala loyamba litatuluka m'makina osindikizira, mbawala inalibe nkhope. Diso, khutu, chipsera, zonse bii ngati kunsi kwa mphika. Walburga anaima chilili, mumtima akuti: Andikalipire. Andithamangitse kumene. Bola lero andiyang'ane ineyo.

9.
Kilian anapita nalo pepalalo pawindo. Analifikitsa pamphuno. Analitalikitsa. Analitembenuza. Kenako anamwetulira mwamanyazi, atalozetsa nkhope pambali pang'ono pa pamene mkazi wake anaima.

Yatuluka bwino, eti mayi? Ndinkaopa kukuuzani. Chiyambire chaka chatha maso angawa akuchita nkhungu. Ndinkathamangira kuiloweza mbawalayo isanazimirire, ndipo mizere yomaliza ndinaikanda kuchokera m'mutu. Singano sindidzagwiranso, iyi ndiye yotsiriza.

Anamupatsira pepalalo.

Ndionereni inuyo. Diso lake lili bwanji?