Batani Lakumanzere

Telala wina wamkazi, atabwera kunyumba pa nthawi yopuma, anawapeza bambo ake atagwa pakati pa bedi ndi khoma, thalauza litanyowa, foni ili m'dzanja. Chala chawo chinali chikudinabe batani lakumanzere.

"Bambo, mwakhala pansipa nthawi yaitali bwanji?"

Chichitireni sitiroko, mawu awo anathawa, kunangotsala dzanja limodzi logwira ntchito. Mwana wawoyu anatha masabata atatu akuwaphunzitsa chinthu chimodzi: zikavuta, adine kumanzere kawiri. Kudina koyamba kunkatulutsa dzina lake, kwachiwiri kunkaimba. Batani limenelo ndi limene linkamulimbitsa mtima kuwasiya okha n'kupita kukasoka kushopu ya bwana wake.

Anawakweza pabedi movutikira, n'kuyang'ana foniyo. Pamwamba pa batanilo, pomwe pankalembedwa kuti "Imbani", tsopano panali "Zosankha". Ukadina kamodzi unkatseguka mndandanda, ukadinanso unkatseguka wina. Kuimbako anakukankhira pansi penipeni. M'mawa wonse mkuluyo ankaitana mwana wake, foni ikungomuzunguliza m'mindandanda.

Anaimbira achimwene ake, amene anabwera dzulo lake kudzazonda kwa theka la ola.

"Achimwene, foni ya bambo munaitani?"

"Ndinangoikamo pulogalamu yatsopano, mlongo. Yakale ija inali yamakedzana. Kuimba kulipobe, munthu angotsika kanayi."

"Atsike kanayi ndi maso ati? Bambo sawerenga pafoni, chimaloweza ndi chala. Ndawapeza pansi atadzinyowetsa."



"Ine ndimati ndikuthandiza."

"Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanuka katicheka. Bwezeranimo yakale ija."

"Yakale siibwerera, mlongo. Anaichotsa eni ake."

Eni akewo, kulikonse ali, ayenera kuti ali ndi manja awiri ndi maso akuthwa. Telalayo anakhala m'mphepete mwa bedi, misozi ili chuchuchu. Anagwira chala cha bambo ake n'kuchitsogolera.

"Onani, bambo. Kumanzere kamodzi, kenako pansi, pansi, pansi..."

Chalacho chinabwerera kumanzere chokha. Anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu mkuluyo anakankha foni ija, inagwera pansi, iye n'kutembenukira kukhoma. Mwanayo anamva chisoni chosaneneka, poti anaona kuti bambo ake ali ndi manyazi.

Foni ya telalayo inalira. Anali bwana.

"Iwe, nthawi yopuma inatha kalekale. Mayunifolomu a sukulu adzisoka okha? Ukapanda kufika pofika 2 koloko, pamakinapo ndikhazikapo wina. Ofuna ntchito ali mbwee pakhomo."

Ntchitoyo ndi imene inkawadyetsa onse awiri. Anadzuka kuti atenge chikwama. Dzanja la bambo ake lija linamugwira pamkono mwamphamvu, ndipo silinamusiye.

"Ukundimva?" anafunsa bwana.

"Ndikukumvani, bwana. Khazikanipo wina."

Anadula foni, n'kudikira mpaka dzanjalo litafewa. Kenako anapita kukatereka madzi oti awasambitse.