Mzere Wachinayi Kuchokera Pachipata

Kumsika ankawatchula kuti Mayi Sindichotsera, ndipo dzinali silinali lachabe. Akanena mtengo wa tomato wawo, anena basi. Ulire, ugwade, uitane apolisi. Ndiye atalandira uthenga woti akufunidwa ku ofesi ya kumanda, anapita ndi nkhope yakumsika yomweyo.

Ofesiyo inali kachipinda kamodzi pafupi ndi chipata. Mabuku akale a maliro anali mulu pansi, ena atadyedwa ndi chiswe. Patebulo panali kompyuta, ndipo kuseri kwake kunali kalaliki waimvi, magalasi ake omanga ndi waya. Chaka chonsecho ntchito yake inali kukopera mayina a m'mabukuwo kulowetsa m'kompyuta, kenako kujambula manda amodziamodzi, kuti anthu ofufuza makolo awo aziwapeza pafoni ngakhale ali kutali.

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero kalalikiyo.

"Mpando sugulitsa tomato. Nenani, bambo, benchi ndasiyira mnzanga watulo."

"Chikwangwani chachitsulo chili pamzere wachinayi, manda achisanu ndi chiwiri, munaika ndinu?"

"Mukadafuna aike ndani? Ndi mwana wanga."

Anali mwana wawo woyamba. Ankamutchula kuti Kabwana chifukwa ali ndi zaka zitatu zokha ankalamula nyumba yonse, ngakhale bambo ake. Chikuku chinamutenga zaka makumi atatu ndi ziwiri zapitazo, mayi ake ali gone m'chipatala atangobereka mlongo wake movutikira. Anamuika iwo kulibe. Mwamuna wawo anangowapatsa kapepala ka nambala ya mzere ndi ya manda, ndipo iye sanapondenso kumandako mpaka kufa kwake. Mayiwo atapeza mphamvu, patadutsa miyezi inayi, anapita okha ndi kapepalako n'kuwerenga. Kuyambira pamenepo mwezi sunkatha osakasesa.

"Mizereyo munawerenga kuchokera pati?" anafunsa kalaliki.

"Pachipata. Kapena inu ophunzira mumayambira kumwamba?"

Bamboyo anavula magalasi. "Chipata ichi anachitsegula atakuza msewu, chaka chomwecho. Pamene mwana wanu ankaikidwa, chipata chinali uko kumapeto, kumene kuli khoma lero. Mabuku akalewa amawerenga mizere kuchokera kumeneko."

Anawatsegulira buku. Zilembo zinkawavuta Mayi Sindichotsera, koma manambala ayi. Tsiku linali lomwelo, zaka zitatu zomwezo. Kalaliki anatembenuza masamba n'kuloza pena.

"Pamene mumasesapo pali kamtsikana ka miyezi isanu ndi itatu. Dzina chiswe chinadya. Wachibale sanaonekepo."

Mayiwo anakhala pampando uja osauzidwanso.

"Tamverani, bambo," anatero mayiwo. "Chimakina chanucho chili ndi maso?"

"Chilibe."

"Ndiye lembani kuti mwana wanga ali pamene pali chikwangwani. Adzadziwa ndani? Ndizikubweretserani lichero la tomato Loweruka lililonse. Osankha, osati ophwanyika."

"Mayi..."

"Awiri. Ndi anyezi pamwamba. Funsani kumsika ngati munthu analandirapo basera kwa ine."

"Kulemba ndingathe," anatero kalaliki. "Koma mwana wanu adzakhalabe kukhoma kuja, ndipo ine ndikapuma ntchito palibenso adzadziwe. Zidzukulu zanu zidzatsegula foni n'kukalira pa mwana wa eni."

"Pakamwa panu mpoipa, bambo inu."

"Akazi anga amateronso."

Mayiwo sanaseke. Anadzuka, n'kumanga chitenje. "Tsogolani."

Anadutsa manda aja a chikwangwani, oyera ngati pabwalo la mkwatibwi, maluwa ali m'chitini. Mayiwo anayang'ana kumbali. Anapyola mizere imene sanafikeko moyo wawo wonse, mpaka pafupi ndi khoma. Kumeneko n'kumene antchito ankataya nkhata zouma ndi mabotolo osweka. Udzu unkafika m'chiuno. Kalaliki anawerenga ndi phazi, kamodzi, kawiri, n'kuima pakadzenje kotitimira, kotalika ngati mkono ndi theka.

"Apa."

Mayi Sindichotsera anagwada. Anayamba kuzula udzu ndi manja, waya wa nkhata ukuwacheka zala, iwo osamva.

"Kabwana," anatero ndi mawu amene kumsika sanawamvepo. "Zaka zonsezi unkandimva ndikuyankhula uko, osandiitana? Iwe wolamula iwe? Mvula yonseyi, wekhawekha m'zinyalala muno?"

Kalaliki anatembenukira kukhoma n'kumapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Atazula pokwana kuona dothi, mayiwo anakhala pansi, manja ali magazi. "Chikwangwani chibwere kuno," anatero. "Nanga kamtsikana kaja, m'chimakina chanumo mulemba chiyani?"

"Wosadziwika. Pa wachibale ndisiya popanda kanthu."

"Lembani ine."

"Si mwana wanu, mayi."

"Bambo inu, musanditopetse. Ndakauza zonse za m'nyumba mwanga, za kumwa kwa mwamuna wanga, za ukwati wa mwana wanga, zimene sindinauzepo wamoyo. Ndakasesera zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mukufuna ubale woposa pamenepa? Lembani kuti mayi ake aang'ono ngati mukuopa bodza."

Kalaliki anatulutsa cholembera, n'kulemba pakapepala. Kenako anakweza foni kuti ajambule manda a Kabwana, poti pa mzere wonsewo anali atatsala okhawo. Mayiwo anamugwira mwendo wa thalauza.

"Lero ayi. Mlongo wake amatsegulatsegula zimenezi pafoni. Ndipatseni mpaka Lachisanu. Asamuone mchimwene wake ali chonchi."