Nyukiliya Padenga

Magetsi anathima Mzime akutsuka mbale, ndipo m'chipinda cha bambo ake makina a mpweya analira kamodzi n'kukhala chete. Anathamangira komweko manja ali thovu lokhalokha. Anazula kapaipi ku makinawo, n'kukalumikiza ku silinda ya mpweya imene inkaima kumutu kwa bedi. Kasingano ka pasilindapo kanali katatsamira kale mzere wofiira.

"Musalankhule, bambo. Ingopumani."

Bambo akewo anagwira ntchito moyo wawo wonse pamalo opangira magetsi pogwiritsa ntchito malasha, ndipo fumbi la kumeneko linawadya mapapo. Tsopano ankapuma ndi makina, makinawo ankadalira magetsi, ndipo magetsiwo ankabwera ngati mlendo wodutsa. Kodzadzitsa silinda kunali kotseka mpaka Lolemba, ndipo ili linali Loweruka.

Chomuwawa kwambiri Mzime chinali chakuti mankhwala a vutoli anali pakhomo pomwepo. Batire lalikulu analilumikiza kale achimwene ake awiri mwezi wathawo, koma magetsi sankakhalitsa moti n'kulidzaza. Chinatsala chinali kukhoma mapanelo a sola padenga ndi kulumikiza mawaya, basi. Mapanelowo anakhalitsa m'makatoni m'kakhonde ka m'nyumba mpaka Mzime anathyolapo chikhadabo cha kuphazi. Lero, atawachonderera pafoni mpaka mawu kusasa, achimwene akewo anabwera onse awiri ndipo anali padenga kuyambira m'mawa. Koma kuchokera m'chipindamo sankamva nyundo kapena sipanala. Ankamva mawu okhaokha.

Anatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba, dzanja litaphimba maso.

Wamkulu, amene aliyense ankamutchula Injiniya chifukwa ankagwira ntchito kukampani ya magetsi, anali atakhala pamsonga pa denga, chisoti chachikasu chili kumutu. Wamng'ono, Wasola, amene anali ndi kasitolo kogulitsa mapanelo m'tauni, anali chiimire, sipanala ikuloza kumaso kwa mkulu wake. Mapanelo awiri okha ndi amene anali atakhomedwa. Enawo anangowagoneka pamalata. Kuyambira pamene boma linalengeza kuti likuganiza zomanga malo opangira magetsi a nyukiliya, anthu awiriwa ngakhale moni wawo unkathera m'mkangano.

"Achimwene, magetsi apita! Bambo ali pa silinda!"

"Wamva?" Injiniya anauza mng'ono wake, osati Mzime. "Ndi zimenezi ndikunenazi. Dziko silingayende ndi magetsi odikira dzuwa ngati zovala zapachingwe. Nyukiliya imayaka usiku ndi usana, mvula kaya mphepo, ndipo siitulutsa utsi. Bambo akanagwira ntchito pamalo otero, bwenzi lero akupuma ngati iwe ndi ine."

"Musawalowetsemo bambo," anatero Wasola, kenako n'kuwalowetsamo iye mwini. "Malo anuwo adzatha liti kumangidwa? Bambo adikire zaka khumi ndi zingapo akupuma chiyani? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, achimwene. Dzuwa ili apali, laulere."

"Laulere? Ukamagulitsa mapanelo umawapereka ulere? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinthu zazikulu zimafuna nthawi."

"Nanga zinyalala zake mukazitaya kuti? Zimakhala zoopsa mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu. Kapena muzisunga kuchipinda kwanu, pansi pa bedi la alamu?"

"Zinyalala zake n'zochepa ndipo amazitsekera bwinobwino. Za malasha anthu anazisunga m'zifuwa. Nanga mabatire ako akatha mphamvu umawadya?"

"Achimwene!" Mzime anakuwanso. "Singano ili pofiira!"

"Tamva, Mzime, tikumaliza," onse awiri anayankha pamodzi. Chinali chinthu choyamba kugwirizana tsiku limenelo.

Mzime anabwerera m'nyumba mtima ukuwira. Sankadana ndi mfundo zawozo ayi. Nthawi zina akamasita zovala ankamvetsera mtsutso womwewo pawailesi, ndipo wa nyukiliya akalankhula ankaona kuti akunena zoona, wa sola akayankha ankaonanso kuti akunena zoona. Chimene chinkamutopetsa chinali chakuti achimwene akewo ankatchula bambo m'chiganizo chilichonse, koma kuyambira m'mawa palibe amene analowa m'chipindamo kukawaona. Iye ndi amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwerenga mpweya wawo. Pagulu la banja la pafoni, achimwenewo ankatumizirana nkhani zitalizitali za magetsi a m'mayiko ena, ndipo iye akalemba kuti silinda yatsala pang'ono, ankangomutumizira kachala kovomereza.

Anawakweza bambo pamitsamiro n'kuchepetsa mpweya pang'ono monga anamuphunzitsira namwino, kuti silinda ichedwe kutha. Milomo ya bambo inali itayamba kuda. Anatsegula zenera, koma kunalowa kutentha ndi mawu a Wasola.

"Ndiye mukanene zimenezo kuholo muone ngati anthu akakuwombereni m'manja!"

"Ndikanena!" anayankha Injiniya. "Nthawi ili bwanji kodi?"

Mzime anadzidzimuka. Anali ataiwala kuti masana omwewo kuholo ya m'tauni kunali msonkhano womva maganizo a anthu pa nkhani ya nyukiliya. Anatuluka mothamanga ndipo anapeza Injiniya akulongedza zida m'chikwama, Wasola akukutumula fumbi pathalauza, onse akadali padenga.

"Mukupita kuti?"

"Tingofika kuholo, mlongo wanga," anatero Injiniya ndi mawu aja amene ankalankhulira ndi makasitomala okwiya. "Iyi ndi nkhani ya dziko lonse. Magetsi abwera madzulo, ndaona ndandanda kuntchito."

"Ndandanda wanuwo unanenanso zomwezo dzulo."

"Ndipo ntchito yatsalayi siyothamangira. Waya wapansi woteteza ku ngozi uyenera kuikidwa mwa malamulo, osati mmene amachitira anthu ogulitsa m'misewuwa."

"Ndani wogulitsa m'misewu?" Wasola anadzuka nazo. "Mzime, usadandaule, ndibwera ndekha mawa m'mawa. Ndikapanda kupita kuholoko, achimwenewa akanamiza anthu popanda wowatsutsa."

Mzime anali womaliza kubadwa, ndipo moyo wake wonse anazolowera kuyankha kuti chabwino. Mawuwo anafika pakamwa, koma sanatuluke. Anayang'ana makwerero achitsulo amene anatsamira khoma, anakumbukira milomo ya bambo ake, ndipo anaona kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anagwira makwererowo ndi manja awiri, n'kuwakoka. Anali olemera kuposa mmene ankaganizira. Anadzandira nawo, anagwetsa ndowa, kenako anawagoneka pansi pafupi ndi mpanda.

"Iwe Mzime! Wapenga?"

"Mwina."

"Bweretsa makwerero amenewo msanga! Ukudziwa ukulankhula ndi ndani?"

"Ndikulankhula ndi akatswiri awiri a magetsi amene bambo awo akubanika m'nyumba yopanda magetsi. Mutsika makina aja akalira."

"Ndidumpha ine," anatero Wasola, akusuzumira m'mphepete mwa denga. Pansi panali simenti, ndipo nyumbayo inali yaitali. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Dumphani, achimwene. Bedi lina lilipo, ndizikusamalirani nonse awiri."

Mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankayanika zovala, anaseka mpaka anagwira mpanda. Injiniya anamupempha mwaulemu kuti awabwereke makwerero ake, koma mayiyo anati anabwerekedwa kale, ngakhale kuti ankaonekera kuseri kwa bafa lake.

Mzime analowa m'nyumba. Anakhala pambali pa bedi n'kugwira dzanja la bambo ake. Padenga panali phokoso la kumunyoza, kenako la kunyozana okhaokha, kenako panangoti zii. Dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo malata otentha salola munthu kukhala pansi n'kumaganizira za tsogolo la dziko. Posakhalitsa anamva chitsulo chikukhwekhwerezedwa.

"Gwira uko. Ayi, kweza pang'ono."

"Ndipatseni bawuti."

"Waya wofiira ndi uti?"

"Uli kuphazi kwanuko. Wapansi uja ikani inuyo, mumaudziwa bwino."

Kasingano kanali katagona pansi penipeni. Mzime ankayang'ana chifuwa cha bambo chikukwera movutika, ndipo mkwiyo wake unasanduka mantha. Bwanji ngati anali atachedwa? Bwanji ngati akanangoitana galimoto m'mawa n'kupita nawo kuchipatala, kumene mwezi watha anawagoneka pabenchi tsiku lonse kudikira bedi? Anatenga foni n'kuyamba kufufuza nambala ya woyendetsa takisi.

"Mzime!" Anali mawu a Injiniya, osasa ndi ludzu. "Pita pabokosi la pambali pa batire ukweze swichi yakuda, kenako yofiira!"

Anathamanga n'kukweza. Kabokosiko kanaphethira nyali yobiriwira, ndipo m'chipinda muja makina a mpweya analira n'kuyamba kung'ung'udza. Anabwezera kapaipi ku makinawo, n'kukhala pansi pa simenti, msana utatsamira bedi. Misozi inatuluka yokha, ndipo sanaipukute.

Patapita kanthawi, kupuma kwa bambo kunayamba kutalika. Pamwamba pawo mapazi ankayendayenda pamalata.

"Mwaona? Sola imeneyo!" anamveka Wasola. "Nyukiliya yanu ikanawathandiza lero?"

"Nyumba imodzi si dziko, mphwanga. Ukayatse fakitale ndi timagalasi takoti tione."

Mzime anapuma mozama n'kuimirira. Anali atawalonjeza kuti atsika makina akalira, ndipo msonkhano wawo uja mwina unali usanathe.

"Ukupita kuti?" Bambo anafunsa ndi mawu otsika, maso ali kudenga.

"Kukawabwezera makwerero. Akuthamangira kuholo."

Bambo anamugwira mkono. Dzanja lawo linali lopepuka, koma silinamusiye.

"Usafulumire, mwanangu. Chaka chino sanakhalepo pakhomo pano nthawi yaitali chonchi. Ndikuwamva bwino onse awiri."

Mzime anayang'ana nkhope ya bambo ake, ndipo anaona kuti ankamwetulira kumvetsera ana awo akukangana pamwamba pa mutu wawo. Chinamubaya mumtima kuposa zonse za tsikulo. Anapita kukhitchini, anadzaza botolo ndi madzi, ndipo atatuluka panja analiponya padenga. Injiniya analiwakha.

"Nanga makwerero?"

"Bambo akuti akukumvani bwino," anatero Mzime. "Pitirizani."

Awiriwo anayang'anana. Mzime anadutsa makwerero aja pamene anagona, analowa m'nyumba n'kukapitiriza kutsuka mbale zake.