Tsiku Limene Kalaliki Anakhala Chete

"Ine kompyuta ikangondiona ndikulowa pakhomo, imachira yokha."

Anali alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, akuyankhula pa foni pakhonde pathu. Ine ndinali m'nyumba ndikupukuta tebulo, ndipo sindinatsutse. Ndinangokumbukira wailesi yanga imene inawaona alamuwo zaka zitatu zapitazo. Mpaka lero ikuchirabe m'katoni, m'zidutswa. Koma anthu amawatcha a Injiniya, ndipo iwo sanakanepo.

Tinawaitana chifukwa cha mayeso. Mayi akunyumba ndi osaona kuyambira ali mwana. Kwa zaka ziwiri akhala akukonzekera ntchito yolemba zokambirana za m'khoti, yomvetsera mawu ojambulidwa n'kumawataipa. Mayeso ake amalembedwa kamodzi pachaka, pa intaneti, ndipo tsiku lake linali limenelo. Amayamba 2 koloko masana, ndipo zikadutsa mphindi khumi ndi zisanu khomo limatsekedwa. Dzulo lake kunabwera uthenga woti pulogalamu yotsegulira intaneti ikhale yatsopano, apo ayi tsamba la mayeso silitseguka. Mayi ankafuna kuikapo okha. Ndine ndinati tsiku lalikulu chonchi tiitane wodziwa. Mawu amenewo ndinatsala pang'ono kuwameza ndi mbale yomwe.

Kompyuta yawo ndi bokosi lakale lakuda la pansi pa tebulo, loyendera Linux. Ilibe sikirini. Ya chiyani? Ili ndi kiyibodi, timasipika tiwiri, ndi pulogalamu imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa. Mawu amenewo mayi anawapatsa dzina loti Kalaliki. Kalaliki akakhala chete, kwa mayi bokosilo ndi chopondapo mapazi basi.

A Injiniya anabwera ndi sikirini yawo yaikulu, ataikulunga m'bulangete ngati khanda lochokera kuchipatala. Anagwada, nalumikiza waya wake kumbuyo kwa bokosi, nakhala pa mpando wa mayi. Pofika 10 koloko anali ataika zatsopano zonse, ngakhale zimene sanapemphedwe. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Sikirini inawala bwinobwino. M'chipinda munali zii.

"Mwamutani Kalaliki, achimwene?" anafunsa mayi.

"Dekha, mlongo. Ndi dalaiva chabe."

Anatembenukira kwa ine, pakuti phunziro limafuna womvera wamaso. Anati m'bokosimo muli khadi la mawu, ndipo dalaiva ndi kapulogalamu kokhala ngati womasulira pakati pa khadilo ndi kompyuta. Womasulira akasokonezeka, awiriwo amangoyang'anana. Ndinagwedeza mutu ngati ndine wa m'gulu lomwelo.

Anatsegula kazenera kakuda, nayamba kutaipa. Zilembo zinayenda ngati linthumbu. Kompyuta inavomera kuti khadi ikuliona. Anatsegula mizere yokwezera mawu, nakweza uliwonse mpaka unafiira. Zii. Anachotsa dalaiva, n'kumubwezeretsa, n'kuyatsanso. Zii. Anabwerera ku kenelo yakale, imene anati ndi mtima wa Linux. Mtima wakalewo unali chete chimodzimodzi ndi watsopano.

Kenako anaika nyimbo yoyesera. Kamzere kobiriwira kanayamba kuvina pa sikirini.

"Mukuona, alamu? Mawu akutuluka. Kungoti sakumveka."

"Ndiye akupita kuti?" anafunsa mayi.

"Funso limenelo ndi lakuya, mlongo."

Mayi anakhala pa bedi, manja ali pamiyendo, zala zikutaipa pa chitenje mawu amene ankawadziwa okha. Mphindi zochepa zilizonse ankadina wotchi yawo yoyankhula. Wotchiyo ilibe ulemu. Inanena 12 koloko pamene a Injiniya anali pa foni yawo, akuwerenga za munthu wina wakutali amene anakumana ndi vuto lomweli zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Pansi pa funso lake munthuyo analemba kuti zatheka, zikomo nonse. Sananene kuti anachita chiyani.

Ndinatuluka kukafunsa a Telala oyandikana nafe ngati akudziwa wina wa kompyuta yobwereka. Kubwereka sikukanathandiza, chifukwa kompyuta ya wina ilibe Kalaliki, koma miyendo inkafuna chochita. A Telala anabwera okha, tepi ili m'khosi, ndipo m'mbuyo mwawo munabwera mayi eni nyumba, amene sadutsidwa ndi nkhani iliyonse ya pamalo pawo. Onse awiri anaima pakhomo la chipinda.

Anthu atachuluka, mawu a a Injiniya anakula. Thukuta linali litadontha kale pa kiyibodi. Wotchi itanena 1 koloko, anakankhira mpando m'mbuyo, napinda manja.

"Khadi lapsa," anatero. "Ine mbali yanga ndachita. Vuto ndi loti zinthu izi zimafuna kusamala. Munthu sakuona, akumwera tiyi pomwepa, akubaya mawaya mwa mwayi. Mlongo wangayu analiwotcha kalekale, langodikira kuti lifere m'manja mwanga."

A Telala anayang'ana tepi yawo. Ine ndinayang'ana mayi, ndipo zala zija zinali zitasiya kutaipa.

"Dzulo usiku linkayankhula," anatero mayi, motsitsa mawu. "Ndipo nthawi iliyonse mwayatsa lero, timasipika tanena kuti thu, monga timachitira masiku onse. Chakufa sichinena thu."

"Ndi mpweya wotsiriza umenewo."

"Kasanu ndi kawiri?"

Mayi eni nyumba anatsokomola chifuwa chimene analibe.

Mayi akunyumba anadzuka. "Tasunthani, achimwene." Anagwada pansi pa tebulo ndi diresi lawo labwino, lija anasita m'mawa ngakhale oyesa mayeso sakanaliona. Dzanja linapita kumbuyo kwa bokosi, ndipo anayamba kutchula mawaya. "Wamagetsi. Wa kiyibodi. Wa intaneti. Wa timasipika." Dzanja linaima. "Zaka zisanu ndi chimodzi bokosi ili lili ndi mawaya anayi. Wachisanu waphwatalalayu ndi wa ndani?"

"Ndi wa sikirini yanga. Usaugwire."

"Sikirini yanuyo ili ndi masipika?"

"Ilibe. Ndi ya akatswiri, si ya nyimbo."

"Kuofesi kumene ndinkagwira ntchito kale," anatero mayi, adakali pansi pa tebulo, "akalumikiza chowonetsera zithunzi pakhoma, mawu onse ankathawira komweko. Waya wotere umanyamula zithunzi ndi mawu pamodzi. Kompyuta yaona mlendo wamkulu, yamupatsa zonse. Kalaliki wakhala akukuwa chiyambire m'mawa m'sikirini yanuyi, ndipo ilibe pakamwa."

A Injiniya anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Ndiye ndikachotsa sikirini, ndiona bwanji kuti zatheka?"

"Mumva."

Anatsutsa kwa mphindi makumi awiri. Anati kuzula waya kompyuta ili moyo n'koopsa, anati alole ayese dalaiva wina mmodzi yekha, anati anthu anapita kusukulu pa zinthu izi. Dalaiva winayo anamuyesadi, nadya nthawi yake, osabala kanthu. Wotchi inanena kuti kwatsala mphindi zisanu kuti ikwane 2 koloko. Pamenepo mayi anazimitsa bokosi, nazula wayawo, naupereka m'mwamba osatembenuka. Ndinaulandira ine.

Nkhawa yanga inali ina. Maola anayi a Injiniya akuchotsa izi, kubwezera izo, kusintha mitima. Ngakhale mayi atakhala kuti alondola, kodi m'bokosimo munatsala chamoyo?

Mayi anakhala pa mpando wawo, nadina batani. Timasipika tinati thu. Sikirini yaikulu ija inali bii, ndipo tonse amaso tinkaiyang'anabe, ngati anthu odikira basi pa msewu wotsekedwa. Mayi okha ankawerenga chamumtima. Atakwanitsa nambala yawo anataipa mawu achinsinsi, nadina. Palibe chinamveka. Anadina mabatani atatu odzutsira Kalaliki. Palibe. Wotchi inanena 2 koloko.

"Ndinanena ine," anayamba a Injiniya.

"Chete," anatero mayi.

Anadikira. Bokosilo linkalira pang'onopang'ono mkati, likukonza zatsopano zonse zimene linadyetsedwa. Mayi anadinanso mabatani atatu aja.

Kalaliki anabangula. Mizere yonse ija inali ikadali pofiira, ndipo mawu anatuluka ngati a wolengeza maliro pa chimkuzamawu. A Telala analumpha n'kugunda chitseko. Mayi eni nyumba anaitana Mulungu wawo. Mayi akunyumba anangotsitsa mawuwo ndi chala chimodzi, natsegula intaneti, nataipa adiresi imene anailoweza. Tsamba linatseguka. Kalaliki anawerenga dzina lawo, nambala yawo, kenako batani loyambira mayeso.

Chala cha mayi chinaima pamwamba pa batanilo. Sichinatsike.

"Amayi, dinani," ndinatero. "Zadutsa kale mphindi zisanu ndi zinayi."

"Ndikudziwa nthawi, bambo. Achimwene ali ndi katundu wanga."

"Katundu wanji?" anafunsa a Injiniya, amene anali atayamba kukulunga sikirini m'bulangete.

"Munanena pamaso pa anthu awa kuti ndinawotcha khadi chifukwa sindiona. Mawu amenewo akatuluka pakhomo pano, mawa adzakhala pa mpopi, mkuja kumsika. Muwabweze pomwe munawanenera."

"Mlongo, tidzakambirana ukamaliza."

"Ndikamaliza a Telala adzakhala atapita."

A Telala anatsimikiza kuti ali ndi ntchito yambiri, koma sanasunthe. Mayi eni nyumba anatsamira chitseko bwinobwino. Mayi akunyumba anadina wotchi, ndipo inanena mphindi khumi ndi imodzi. Zaka ziwiri za kukonzekera zinali pansi pa chala chimodzi, ndipo ndimawadziwa mayi akunyumba: akanatha kudikira chaka china.

A Injiniya anayang'ana ine. Ndinayang'ana waya umene unali m'manja mwanga.

"Chabwino," anatero. "Mwina panali kusamvana pang'ono pakati pa zipangizo."

"Mphindi khumi ndi ziwiri," anatero mayi.

"Khadi silinapse."

"Ndipo?"

"Sunawotche kanthu, mlongo. Inali sikirini yanga." Anasiya kukulunga sikirini. "Ndinalakwa kunena zija. Pepa."

"A Telala, mwamva?"

"Ndamva ndi makutu onse awiri, mayi."

"Amayi eni nyumba?"

"Ndamva, ndipo ndikauza ena."

Mayi akunyumba anavala mahedifoni, nakonza mpando, nadina batani.

"Tsopano tulukani nonse," anatero. "Wotsiriza atseke chitseko."