Negativi ya a Lurdes

"Chotsa manja m'menemo!"

Ndinakuwa ndisanatule n'komwe dengu la kumsika, koma ndinali nditachedwa. Joice, mwana wanga woyamba, anali atagwada kuseri kwa nyumba, beseni lili patsogolo, fungo la jiki lili guu. M'madzimo munali negativi ya chithunzi imene ndinaiyanika m'bafa m'mawa uno. Ndinaivuula. Inali mbee ngati galasi la pawindo. Nkhope ya achemwali anga a Lurdes inali itasungunuka, kwangotsala kamzere kakuda m'mphepete.

"Inali yakuda, Amayi. Ndimayesa wina waitayira tiyi."

"Tiyi? M'bafa?"

"Nanga mtundu umene uja? Ndimati pobwera muipeze yoyera."

Joice ndi mayi wamkulu, mphunzitsi ku Chonde, ndipo anakulira pa situdiyo. Malemu abambo ake, a Americo, pothawa nkhondo ku Mozambiki anasiya mbuzi ndi njinga n'kusenza kamera yamatabwa. Pa Chitakale wojambula anali iwo, wotsuka ine, poti mankhwala otsukira filimu, a payiro, ankawatupitsa manja. Filimu yake si yokulunga ayi, ndi yamapepala. Pepala limodzi, lalikulu ngati chikhatho, chithunzi chimodzi basi. Payiro amasiya mtundu wa tiyi wopanda mkaka pa negativi, ndipo mtunduwo ndiye ntchito yake. Popanda iwo, duku loyera limangotuluka ngati ufa, ulusi wake osaoneka. Zimenezi ngakhale alonda a pa situdiyo ankazidziwa. Joice yekha ayi. M'chipinda chamdima sanalowemo ndi tsiku limodzi lomwe, ankati mumanunkha.

A Lurdes anawatulutsa kuchipatala sabata yatha, adokotala atanena kuti palibenso chochita. Dzulo anandiitanitsa. Anati, "Rosaria, mawa Inocencio akundiwolotsa malire, ndikagone kwathu ku Mozambiki pafupi ndi amayi. Undijambule ndi kamera ya alamu. Za pafoni zija ayi, ana amafufuta malo akadzaza." Inocencio ndi mwana wawo. Tinawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, duku loyera kumutu. Anadziwongola okha, n'kukana kuti tiwagwirire.

M'mawa uno, galimoto itanyamuka nawo, ndinatseka bafa ndi mabulangete awiri. Payiro ndinasungunula pomwepo, chifukwa akakhalitsa pamphepo amafa. Mumdima wotere wotchi suiona, ndiye ine ndimawerenga Tikuoneni Maria makumi anayi, zala zili m'mankhwala, kutembenuza pepalalo pang'onopang'ono kuti lisakalike. Kenako madzi, kenako fikisa, mankhwala okhazikitsa chithunzi. Nditatsegula chitseko, achemwali analipo pa negativipo, khwinya lililonse, ngakhale chipsera cha pachibwano chimene ndinawapweteka ndi khasu tili ana. Filimu yagona m'chitini zaka khumi ndi zisanu, koma sinandichititse manyazi.

"Pepani, Amayi. Koma ndinawajambulanso pafoni."

"Ndionetse."

Anandionetsa. Anawajambula ali gone pamphasa, kukamwa kuli yasa, Joice mwiniwake akumwetulira pakona.

"Awa ndi amayi ako aakulu, awa?"

Anabweza foni m'thumba. Ndinayang'ana manja ake. Oyera, zikhadabo zopaka utoto wofiira. Zanga zinada kalekale, payiro sachoka. Ali ku sekondale anandipempha kuti pa tsiku la makolo kuzipita abambo ake okha. Pa ukwati wake anandigulira magulovu oyera, ati n'ngoyenera mayi wa mkwatibwi, kunja kukutentha chonchija mu Okutobala. Ndinavala. Fizi yake yonse inatuluka m'zikhadabo zimenezo.

"Ndiye titani?" anafunsa, misozi itayamba.

"Usandilirire pano, maliro sanafike."

Ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa kamera ndi miyendo yake itatu. M'chitini munali mutatsala pepala limodzi. Ndinalilowetsa m'chotengera chake ndili pansi pa bulangete, n'kumuikira zonse pamiyendo.

Kwathu ndi kutali. Ukawoloka pa Muloza, ukadutsa Milange, pali maola awiri a njinga yamoto m'miyala yokhayokha. Chiuno changa sichingafike. Inocencio waimba masana ano kuti amayi ake akana phala.

"Amayi, ine sindidziwa kagwiridwe kake."

"Uphunzira lero dzuwa lisanalowe. Ana a eni umawaphunzitsa masamu, ulephera kutsegula ndi kutseka kabowo? Mawa ukwere minibasi yoyamba. Ukawapeza akupuma, uwadzutse, uwamange duku, uwakhazike pamthunzi. Ukawerenge mpaka ziwiri, kamodzi kokha, palibe pepala lina. Ukabwera, m'bafamo tilowa tonse, ndipo zala zimene zilowe m'mankhwala ndi zako. Wandiwonongera achemwali anga kamodzi, Joice. Chonde, ulendo uno ukagwire ntchito ngati munthu wofunsa asanakhudze."