Matabwa Opanda Dzina

"Usagule thabwa lopanda dzina," anatero mayi Esinati tsiku limene mwana wawo Jafeti anabwera ndi nkhani yakuti wapeza boti ku doko la Kachulu. "Mwiniwakeyo akuti ndi mtengo wanji?"

"Akuti ndi matabwa, amayi. Anapenta kale, labuluu."

"Matabwa si dzina, iwe."

Jafeti anaseka. "Kodi matemba amafunsa dzina la mtengo asanalowe mu ukonde?"

Mayiwo sanaseke nawo. Malemu amuna awo anali osema mabwato, ndipo mayina a mitengo anawamvera pamenepo, akutola zipalapala zokolezera moto. Mlombwa ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo m'madzi umakhalitsa. Mbawa ndi yolemera, siigonja msanga. Bulugama amang'aluka akawombedwa ndi dzuwa. Koma mkuyu, mayi wanga ine, mkuyu umamwa madzi ngati chinkhupule, msomali sukhalamo. Mitengo yabwinoyo inatha kalekale kwa Mwambo, inatsala m'kamwa mwa mayi Esinati basi, ndipo wowamvera panalibe. Ana awo ena anagona kumanda, wina analowera ku Joni osatumiza ngakhale moni. Wotsala pakhomo anali Jafeti yekhayo.

"Pala pentiyo ndi mpeni pansi pa boti," anamuuza. "Undibweretsere kachibenthu kokha ndidzanunkhize. Miyendo yangayi singandifikitse ku Kachulu."

"Ndipale boti la eni ndisanagule? Anditenga ngati wamisala."

Kachibenthuko sikanabwere. Chinabwera ndi nkhani yakuti Jafeti wagula botilo n'kulemba dzina m'mbali mwake, ndiponso matemba odzaza beseni. Mayiwo anadya matembawo. Masana ankakhala pakhonde kuyang'ana mbali ya kunyanja, kumene kumangooneka mabango ndi phiri la Chisi, uku akutchula okha mitengo ija ngati akuitana ana.

Mvula itatha, Jafeti anayamba kudandaula kuti boti likulemera, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba wakapa madzi. Ankamata phula, mawa lake madzi alowanso pena.

"Lamwa limenelo," anatero mayi ake. "Litulutse liume, uone m'mene misomali yakhalira."

"Nsomba zikugwidwa sabata ino, amayi. Ndidzalitulutsa zikatha."

Mphepo ya mwera inamupeza pakati pa nyanja ya Chilwa, akubwerera kuchokera ku chilumba cha Chisi boti litadzaza. Ayuba, msodzi mnzake amene anali kumbuyo ndi bwato lake, ndiye anadzafotokoza atakhala pansi pabwalo, chipewa chili m'manja. Akuti botilo silinagubuduke ayi. Thabwa la pansi linangofumuka, misomali n'kutsala ili mbuu, ndipo madzi analowa nthawi imodzi. Chilwa si nyanja yakuya, koma pansi pake ndi thope lokhalokha, ukapondapo limakugwira miyendo. Ayuba anapalasa molimbana ndi mphepo, koma pofika anapeza zigubu ndi nkhafi zikuyandama.

Asodzi anamupeza Jafeti atafa m'mabango mphepo italeka, ukonde utamukulunga m'chiuno.